Kodi nthano yaitali ili ndi tsogolo, kapena ndikulembera chiswe?

Mlembi wa kwa Chimwala:

Akuluakulu ndi anzanga okonda zolembalemba, ndikupempha maganizo anu. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikulemba nthano yaitali ya m'Chichewa yonena za banja la asodzi a pa nyanja ya Malombe, amene mwana wawo anapita ku Joni chambo chitayamba kusowa, kenaka n'kusiya kutumiza uthenga kumudzi. Ndinailemba pamanja m'makope asanu ndi limodzi, ndipo mdzukulu wanga waitayipa pa kompyuta. Tsopano yatha, koma m'malo mokondwa ndagwidwa ndi mantha. Sabata yatha ndinakwera minibasi yochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, ndipo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wogwira buku kapena nyuzipepala. Mtsikana amene ndinayandikana naye anaonera timavidiyo ulendo wonse, chala chake chikukankha kalikonse kasanathe n'komwe. Osindikiza mabuku awiri amene ndinawalembera, mmodzi sanayankhe, winayo anandiuza mosapsatira kuti buku losakhala pa silabasi ya sukulu salisindikiza pokhapokha nditalipira ndekha. Kodi nthawi ya mabuku yatha, ndipo ine ndafika phwando litatha kale?

Mphunzitsi wopuma, Namwera:

Bambo, ndayamikira khama lanu, koma ndikukayika ngati phwando limene mukulinenalo linachitikapo. Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndipo sindikumbuka nthawi imene anthu a m'minibasi ankawerenga nthano zaitali. Buku la Chichewa lakhala likuyenda ndi ndodo kuyambira pachiyambi. Nthondo, limene Samuel Josiah Nthara analemba ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, linatuluka mu 1933 chifukwa cha mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, osati chifukwa chakuti anthu a m'midzi ankalifuna pamsika. Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, wogula wamkulu anali sukulu. M'zaka za m'ma 1970 a Popular Publications ku Limbe anayamba kusindikiza alembi a kuno kwathu, ndipo mabukuwo ankafika m'maboma kudzera m'masitolo a Malawi Book Service. Masitolo amenewo atatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, njira yofikira wowerenga wa kutali ndi mizinda inaduka, foni ya m'manja isanafike n'komwe m'midzi mwathu. Choncho foni tisaisenzetse mlandu wonse.

Komabe pali chimodzi chimene ndikugwirizana nanu. Jack Mapanje, mwana wa boma lino la Mangochi, anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo buku lake la ndakatulo linali litachotsedwa kale m'masitolo. Masiku amenewo mlembi ankaopa kuti wina awerenga zimene walemba. Lero inu mukuopa kuti palibe amene awerenge. Sindikulakalaka masiku akalewo ngakhale pang'ono, koma ndikuvomereza kuti mantha anu a lero ndi opweteka mwa mtundu wake.

Mayi ogulitsa mabuku ndi makope pa boma:

Ine ndiyankhula monga munthu amene amakhala ndi mabuku tsiku lonse ndipo amaona nkhope za ogula. Anthu sanasiye kufuna nkhani, koma mtengo wawapitirira. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha pepala chinakwera, ngakhale kope la mwana wa sitandade 1. Zimene zimayenda pa benchi langa ndi Baibulo, mabuku a nyimbo, timabuku ta ku madrasa, mapepala a mayeso akale a MSCE ndi mabuku amene aphunzitsi alamula. Ngakhale olamulidwawo, kalasi imagula limodzi n'kupita nalo ku fotokope.

Pali mnyamata wina wa kabaza amene amaimika njinga yake pafupi ndi benchi langa masana, dzuwa la kuno likafika poti munthu sangapalase. Amatenga buku limodzimodzi la nthano, lakale ndithu lothothoka chikuto, n'kuwerenga masamba angapo ali chilili, akatero amaikamo kachitsotso n'kulibwezera pamalo pake. Sanaligule, ndipo ine ndinasiya kuliika poonekera kuopa kuti wina angaligule iye asanalimalize. Wowerenga wanu ndi ameneyo, bambo, koma ndalama ya buku latsopano ndi ya ufa wa masiku angapo kunyumba kwake. Mukasindikiza, lisakhale lonenepa ndi lachikuto chonyezimira. Ligaweni m'timabuku titatu totsika mtengo, ndipo ine ndidzayesa kubwereketsa pa ndalama yochepa.

Mwana wa ku Makanjira, Johannesburg:

Pepani akuluakulu, ndiloleni nditsutseko pang'ono. Si aliyense woweramira foni amene akuonera timavidiyo. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda, ndipo usiku ndimawerenga nthano za m'Chichewa zimene anthu amalemba m'magawo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Ina ndinaitsatira miyezi itatu, ndipo magawo ake onse mutawasonkhanitsa akhoza kuposa makope anu asanu ndi limodzi. Alembi ena amapereka magawo oyamba ulere, otsalawo munthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ife a kuno timatuma abale kumudzi kuti atilipirire. Ndikuvomereza kuti zambiri ndi zolembedwa mothamanga, Chichewa chake n'chosakaniza, ndipo nkhani zake sizichoka pa zibwenzi, ufiti ndi chuma chokhwimira. Koma tikuziwerenga chifukwa palibe wina akutipatsa zabwino kuposa zimenezo. Nthano ya mwana wa msodzi amene anasowa ku Joni, ife a kuno tingaiwerenge ndi misozi, pakuti aliyense wa ife akudziwa mnzake amene anasiya kuyankha foni ya amayi ake chifukwa cha manyazi osowa chotumiza.

Mlembi wa kwa Chimwala:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, mwandichotsera chinyengo chimene ndinali nacho, choganiza kuti ndinabadwa mochedwa. Achimwene a ku Joni, mawu anu andisowetsa tulo, koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi yakuti chinthu chikangolowa pa WhatsApp chimasanduka cha aliyense, ndipo ngakhale a COSOMA alipo oteteza umwini wa zolemba, sindikuona m'mene angatsatire fayilo imene yadutsa m'mafoni mazana usiku umodzi. Yachiwiri ndiyo yaikulu. Nthano ya m'magawo imafuna kuti gawo lililonse lithere pa chinthu chodzidzimutsa kuti wowerenga abwerenso mawa. Mutu wachitatu wa nthano yanga ulibe chodzidzimutsa chilichonse: bambo wa mnyamata wopita ku Joni uja wakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde umene sakudziwa ngati adzaponyanso, ndipo basi iliyonse ikamveka pa msewu wa ku Liwonde amaimitsa singano osatukula mutu. Masamba khumi ndi awiri amathera pamenepo. Munthu wogwira buku amapirira masamba otere chifukwa waona kale kuti kutsogolo kuli ambiri; wa pa foni sindikudziwa ngati chala chake chingadikire. Ndikaudula mutu umenewo kuti ukomere foni, nthano imene ndinafuna kulemba idzakhala itafa ngakhale anthu ataiwerenga.

Sindikukana kuyesa. Mayi, Lachisanu ndikubwera pa boma ndipo ndidzakupezani kuti tiwerengere limodzi mtengo wa timabuku titatu timene mwanenato. Mutu woyamba ndidzabwera nawo wosindikiza kuti mumupatse mnyamata wa kabazayo. Inu achimwene, ndikufuna ndikutumizireni mutu wachitatu womwewo osasintha kanthu, mundiuze moona ngati mwafika kumapeto kwake. Ndikutumiziraninso mutu umene mwana wa msodzi uja akutsika basi pa Park Station ku Joni, pakuti ine malire anga ndi Mwanza, ndipo zonse za kutsidya ndinalemba mongomvera kwa obwerako.