Makina ochapira akulira ngati chigayo, amisiri akuti mgolo wake sutseguka

Mayi wa ku Area 25

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za makina ochapira zovala, chifukwa ine mutu waima.

Makina anga ndi aja a chitseko kutsogolo, a 7 kg. Anandigulira mlongo wanga ali ku Joni zaka zinayi zapitazo, anabwera pa basi limodzi ndi firiji. Dzina la kampani sinditchula. Tili ndi ana atatu, wamng'ono akadakodzabe pogona, ndiye makinawa sapuma. Kuchapa kanayi kapena kasanu pa sabata, mabulangete Loweruka madzi akakhala kuti akutuluka.

Chiyambire mwezi wa Juni, ikafika nthawi yofinya amalira ngati chigayo. Poyamba kanali kaphokoso chabe, ine n'kumati mwina ndi K10 yachitsulo yotsalira m'thumba la bambo a kunyumba. Pano aneba amachita kudziwa kuti lero kwathu kukuchapidwa. Pansi chakumbuyo ndinapezanso timadontho ta madzi ofiirira ngati a dzimbiri.

Ndinaitana amisiri amene amatikonzera firiji. Anatsegula chitseko, kugwedeza dramu m'mwamba ndi pansi, kuizunguza ndi dzanja, basi akuti ma bearing atha. Ine mtima unakhala pansi, poti bearing ndimaidziwa, bambo amagula za galimoto ku Malangalanga ndipo si yodula kwenikweni. Koma atachotsa chivindikiro cha pamwamba, nkhope yawo inasintha. Akuti mgolo wapulasitiki umene dramu imazunguliramo ulibe mabawuti, anachita kuumata kufakitale, ndipo ma bearing ali mkati mwake. Opanga makinawo amagulitsa zonse pamodzi, mgolo, dramu ndi ma bearing omwe. Tinazungulira masitolo atatu ku Area 2, kulibe. Mmodzi anati angathe kuitanitsa, koma mtengo umene anatchula, ukaphatikiza ndi wa amisiri, unadutsa theka la mtengo wa makina atsopano. Komanso ndilipiriretu zonse kenako ndidikire, poti nawonso akusaka forex.

Amisiriwo akuti njira ina ilipo: kudula mgolowo ndi sowo, kusintha ma bearing, n'kuulumikizanso. Kunena zoona ndikuopa. Alipo anayesapo zimenezi? Zimalimba? Ndipo ngati mapeto ake n'kugula ena, munthu angadziwe bwanji ali m'sitolo kuti awa akawonongeka amakonzeka?

Mmisiri wa pa Ndirande

Amayi, amisiri anuwo sanakunamizeni. Madzi ofiirira aja ndi umboni wokwanira. Kumbuyo kwa dramu kuli chitsulo chimene chimadutsa m'ma bearing awiri, ndipo kutsogolo kwa ma bearing kuli seal ya labala yotchinga madzi. Seal ikatha, madzi a sopo amalowa, amatsuka girisi yense, dzimbiri n'kuyamba. Dramu yozungulira ka 1200 pa mphindi ili pa bearing youma, mungayembekezere chiyani kupatula chigayo?

Chopweteka n'chakuti ma bearing amenewa si achilendo ayi. Kawirikawiri ndi 6204, 6205 kapena 6206, omwewo amene mungawapeze kwa ogulitsa masipeya a galimoto ku Limbe. 6205 bowo lake ndi 25 mm, 6206 ndi 30 mm, kampani iliyonse padziko pano imapanga muyeso womwewo. Makina akale mgolo unali wa mbali ziwiri zomangidwa ndi mabawuti, pakati pali labala. Umamasula, kugogoda ma bearing akale, kulowetsa atsopano, madzulo mwini wake akuchapa. Ambiri a masiku ano anawotcherera pulasitiki. Kufakitale kumawachepetsera ntchito ndi ndalama, koma kachitsulo kokwana m'chikhatho kamatayitsa makina onse.

Kudula ndinadulapo kangapo. Timatsata mzere umene anawotcherera, ndi sowo ya mano aang'ono, pang'onopang'ono. Tisanadule timaboola timabowo kuzungulira m'mphepete monse kuti pobwezera mbali ziwirizo zikumane pomwe zinali. Kenako silikoni wabwino wopirira madzi otentha, mabawuti aang'ono ambiri, n'kusiya tsiku lathunthu kuti ziume musanathiremo madzi. Ena mwa amene ndinakonza akuchapabe, ena anabwerera akudontha. Zimadalira m'mphepete mwa mgolowo. Ukakhala ndi mlomo waukulu bawuti imagwira bwino, ukakhala wopyapyala ndimakana ntchitoyo.

Musanalole kuti adule, gwirizanani zinthu ziwiri. Choyamba seal. Bearing ipezeka, koma seal ya makina ochapira si ya galimoto, ili ndi muyeso wakewake, manambala atatu olembedwa pa labala pomwepo. Kuika ma bearing atsopano pa seal yakale n'kutaya ndalama, pakangopita miyezi yochepa chigayo chayambiranso. Chachiwiri, kumbuyo kwa dramu kuli chitsulo cha miyendo itatu, timachitcha spider. Ndi cha aluminiyamu, ndipo sopo wotsalira ndi chinyezi zimachidya mpaka kumanyenyeka ngati choko. Mukatsegula n'kupeza mwendo wang'aluka, kapena chitsulo chapakati chakumbika pamene seal imakhudza, ntchito yathera pomwepo. Ndiye mugwirizane kuti zikatero mulipira zingati za kutsegula kokha.

Ndipo pakadali pano lekani kuchapira. Mukapitiriza, bearing imamwazika n'kuwononga malo ake mumgolomo, pamenepo ngakhale ine sindingathandize. Mabulangete aja nawonso, makina a 7 kg amatanthauza zovala zouma, bulangete lonyowa limakhala mbali imodzi n'kumakoka dramu.

Agogo a Mapasa

Mwanawe, gula twin tub upume. Yanga ndinagula mapasa anga akuyamba sekondale, pano mmodzi ali ndi mwana. Chimene ndinasinthapo ndi lamba kawiri, timer kamodzi, ndi kachinthu kaja kooneka ngati batire kamene kamadzutsa mota. Zonsezo anakagula mnyamata pamsika tsiku lomwelo. Madzi akasiya ndimathira ndi ndowa, magetsi akazima ndimatulutsa zovala zanga n'kumalizitsa m'beseni. Zanu zotsegula kutsogolozo magetsi akathima chitseko chimakana, yunifolomu ya mwana ili mkati, mawa Lolemba. Inde umaimirira pompo kusamutsa zovala kupita kofinyira, koma ndi ntchito yanji imeneyo kwa munthu amene anakulira kuchapa pamwala?

Mayi wa ku Area 25

Agogo mwandiseketsa, koma ndimaweruka 5 koloko, kukafika kunyumba mdima uli pafupi. Chimene ndinawakondera makinawa n'choti ndimaponyamo zovala n'kukaphika. Bambo a pa Ndirande zikomo kwambiri, za seal ndi spider amisiri anga sananene. Ndazula pulagi.

Namwino wa ku Leeds

Achemwali, vuto lanulo kuno ku UK nakonso anthu amalidandaula, mpaka boma linalowererapo. Mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la EU anayamba lamulo pa 1 Malichi 2021, Britain n'kutsatira pa 1 Julayi chaka chomwecho. Limati wopanga makina ochapira azisunga masipeya kwa zaka 10 kuchokera pamene wasiya kugulitsa mtundu umenewo, ndipo munthu akaitanitsa afike pasanathe masiku 15 a ntchito. Zinthu ngati chitseko, mahinji, labala wa pachitseko, loko ndi kabokosi ka sopo angagule aliyense. Mota, pampu, bodi (kabolodi ka zamagetsi kamene kamalamulira makina) ndi chotenthetsera madzi, lamulo limangowakakamiza kugulitsa kwa amisiri ovomerezeka.

Koma taonani pamene anasiya mpata. Pa dramu, spider ndi ma bearing, lamulolo limalola kuti azigulitsa chilichonse pachokha kapena zonse pamodzi. Ndiye kampani yomata mgolo sinalakwire lamulo, sipeya ilipo ndithu, kungoti ndi mgolo wonse. Kuno mmisiri kungobwera kudzaona kokha ndi ndalama zambiri, ndiye makina a bearing yakufa anthu amangotaya. Ena mwa makina a "ex-UK" amene amafika kumudzi m'makontena ndi otere, wina anawataya atamva kaphokoso koyamba. Pulagi yake imalowa bwino m'soketi zathu, ya mano atatu yomweyo, magetsi 230 V chimodzimodzi, ndiye munthu amaona ngati watola chikwama. Mukamagula otere, muuzeni wogulitsa awayatse afike pofinya muli pompo.

Ku France anachita china chimene ndimachisirira. Mu Januwale 2021, makina ochapira a chitseko kutsogolo anayamba kugulitsidwa ali ndi malikisi pa 10 osonyeza kuphweka kwa kuwakonza: amamasuka bwanji, masipeya alipo, ndi okwera mtengo motani. Munthu amaona asanatulutse ndalama.

Chimene mungachite inu: tsegulani chitseko, m'mphepete mwake kapena kumbuyo kwa makina kuli kapepala komata kolembedwa model ndi manambala ena. Jambulani ndi foni. Ikani nambalayo pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti "drum bearing". Mukaona akugulitsa ma bearing ndi seal paokha, mgolo umatseguka. Mukaona mgolo wathunthu wokhawokha, dziwani kuti ndi womata. Zimenezi mungachite ngakhale muli m'sitolo musanagule atsopano, wogulitsa akuyang'ana.

Wa ku Joni

Sisi, poti makinawo anachokera kuno, seal yake mwina ili kuno. Masitolo a masipeya a zipangizo zam'nyumba ndi ambiri mu Johannesburg, ukapita ndi chithunzi cha kapepala kaja amakuyang'anira pa kompyuta. Seal ndi kanthu kolowa m'thumba la malaya, mlongo wanuyo angapatsire munthu wokwera basi, masiku awiri kapena atatu yadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza. Mgolo wathunthu ndiye ayi, ndi chimtolo, ndipo ukasweka panjira palibe amene adzakubwezereni.

Ine anthu akandituma makina ndimawauza kuti tisankhe mtundu umene wadzaza kuno ndi kumudzi komwe, monga Defy, Samsung, LG kapena Hisense, chifukwa ngakhale sipeya yatsopano itasowa, pamapezeka makina ena akufa oti n'kuchotsako. Mtundu wachilendo, ngakhale ukhale wokongola bwanji, ukafa wafa wokha. Komabe dzina lokha silikuuzani za mgolo, kampani imodzi yomweyo imatha kukhala ndi ma model otseguka ndi ena omata. Ndipo zija amalemba kutsogolo kuti zaka 10 za waranti, werengani bwino, nthawi zambiri ndi za mota yokha. Mota si imene imayamba kufa.

Mmisiri wa pa Ndirande

Achimwene a ku Joni anena zoona za mota. Pa makina amene amafika pa shedi yanga, ma bearing si ambiri kuposa mabodi. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu, bodi ndiyo imayamba kupsa. Yakale timatha kuikonza, kusintha capacitor kapena relay, kuwotcherera pamene pathothoka. Zina za masiku ano anazithira utomoni wouma gwa kuti chinyezi chisalowe, ndiye kufikira kachipangizo kamene kapsa ndi nkhondo. Zinanso ngakhale upeze yofanana pa makina ena, imafuna pulogalamu ya model yakeyo, apo ayi imangothwanima manambala. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni masitolo ambiri safuna kusunga mabodi pa shelefu, ndalama imagona.

Ndiye amayi, kaya mukonza awa kaya mugula ena, gulani fridge guard yotha kupirira mphamvu ya magetsi imene makina ochapira amakoka, poti chotenthetsera madzi chimakoka magetsi ambiri kuposa firiji, ndipo muzizula pulagi mukamaliza. Kamodzi pamwezi tsegulani kachitseko kapansi kutsogolo, mutulutse zimene zatsakamira pa pampu. Ndimapezamo ndalama, mapini a tsitsi, machesi, tsiku lina ndinapeza kiyi wa njinga yamoto amene mwini wake anali atasinthitsa kale loko. Anthu ambiri amandiitana kuti makina afa pamene ndi K5 yatseka pampu.

Mayi wa ku Area 25

Ndabweranso, papita masabata atatu. Ndinajambula kapepala kaja n'kutumiza kwa mlongo wanga. Seal ya model yathu m'kabuku ka masipeya ka sitolo ya ku Joni mulibe, monga ananenera anamwino, koma wa m'sitolo anati tikamuuza manambala a pa labala angapeze yofanana muyeso. Ndiye panalibe kuchitira mwina, tinayenera kudula kaye kuti tiwerenge manambalawo. Ndinagwirizana ndi amisiri za mtengo wa kutsegula kokha, anadula Lachiwiri ine ndili kuntchito, mwadala, sindikanatha kuonerera.

Spider ili bwino, yangoyera ndi sopo wouma koma miyendo yonse ndi yamphumphu. Chitsulo chapakati chili ndi kamzere pang'ono, akuti asalaza ndi sandipepa. Ma bearing ndi 6205 ndi 6206, bambo anakagula ku Malangalanga m'mawa umodzi. Seal yanyamuka dzulo ndi mayi wina wa ku Mchesi amene amaoda katundu ku Joni.

Pakadali pano mgolo uli pakhonde m'zidutswa ziwiri, ana akuuyesa bwato. Ndikuchapa m'beseni usiku, ndipo agogo a mapasa musaseke, dzulo popita kuntchito ndinaima pa sitolo ina n'kufunsa mtengo wa twin tub. Bambo a pa Ndirande, silikoni amene mumanena uja ndi wofiira wa injini, kapena woyera wa m'bafa angathe?