Makalata a ojambula zithunzi a ku Britain ndi ma dealer awo, ndiyambire pati?

Nachisale_waChikanda

Akuluakulu ndithandizeni. Ndili chaka chachitatu, ndimapanga za art, ndiye atipatsa asayimenti yoti tilembe za makalata omwe ojambula zithunzi a ku Britain a m'ma 1800 ankalemberana ndi anthu owagulitsira zithunzi, ma dealer aja. Alekichala anenetsa kuti asaone munthu akungokopera zoti uje anabadwa liti anamwalira liti, akufuna zomwe zili m'makalatamo. Nde funso langa, m'makalata amenewa mumakhala chani kwenikweni choti munthu nkudzaza nacho mapeji 10? Komanso ndili pa Zomba pano ndingawaone bwanji poti ku London ine sindingakafike olo nditagulitsa foni kkkk. Mnzanga akuti ndipite ku Archives mwina ziliko, nzoona?

Che_Mbewe_Matawale

Mwanangu, m'makalatamo mumakhala ndalama. Anthu amaganiza kuti ojambula akamalemberana ndi ma dealer ndiye kuti akukambirana za kukongola kwa mitambo, ayi ndithu, zambiri ndi zoti mundipatsa zingati, mulipira liti, chithunzi chitha liti, felemu agula ndani, ndipo chachikulu kwambiri, ufulu wosindikiza chithunzicho ukhala wa ndani. Gwirani pomalizapo, mapeji 10 achepa.

Yambani ndi munthu wina dzina lake Ernest Gambart. Anali wa ku Belgium koma malonda ankachitira ku London, anali ndi malo owonetsera zithunzi ku Pall Mall. Mu 1860 anagula chithunzi cha William Holman Hunt, chija cha Yesu ali mwana atapezeka m'kachisi, The Finding of the Saviour in the Temple, pa mapaundi 5,500. Panthawiyo panalibe wojambula wamoyo ku England amene analandirapo ndalama zotero pa chithunzi chimodzi. Hunt uja anachivutikira zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, mpaka anapita ku Yerusalemu mu 1854 kuti akaone malo ndi anthu ake ndi maso. Ndiye munthu ukamva 5,500 umati Gambart wapenga. Sanapenge. Anachiika m'chipinda ku Bond Street, aliyense wofuna kuchiona amalipira sheleni imodzi pakhomo, kenako nkuyenda nacho m'matauni ena, uku akulemba maina a anthu ofuna kugula kope yake yosindikiza. Kopeyo ankaipanga pozokota chithunzi chonse pa chitsulo ndi manja, mzere ndi mzere, ntchito ya zaka, ya chithunzi chimenechi inatuluka mu 1867. Ndiye mukuona, chithunzi chimodzi chikudyetsa katatu: pakhomo, pa makope, kenako chithunzi chenichenicho chigulitsidwenso.

Chitsanzo china choonekera bwino ndi Derby Day ya William Powell Frith, 1858, chithunzi cha khamu la anthu ku mpikisano wa mahatchi. Jacob Bell analipira mapaundi 1,500 kugula chithunzicho, Gambart nayenso analipira 1,500 ina kugula ufulu wochisindikiza ndi kuchionetsa basi. Mtengo wa pepala losainirana unafanana ndi mtengo wa nsalu ndi penti yonse. Chitaonetsedwa ku Royal Academy, bungwe lalikulu la ojambula ku London, anthu anachuluka mpaka anachita kuika chitsulo chotchinga kuti asachikhudze.

Pena mudzaona mitengo yalembedwa mu ma guinea osati mapaundi, musasokonezeke, paundi inali masheleni 20, guinea masheleni 21. Ife akale tinagwirako masheleni kwacha isanabwere mu 1971, inu mukangoona 21 muzikumbukira kuti zithunzi ndi mahatchi ankazitchula mtengo mu guinea, zinali za ulemu wa anthu olemera.

PentiNdiBurashi

Kkkkk madala mwandikhudza pamtima. Ine ndimajambula, zanga ndimagulitsa kumtunda kuno njira yopita ku Ku Chawe, mapiri, amayi atasenza mitolo ya nkhuni, asodzi a ku Chilwa, zomwe azungu amakonda zija. Ndiye zomwe mukunenazi ndi za lero lomwe. Kunabwera mkulu wina anatenga zithunzi zanga zinayi akuti akazionetse ku Lilongwe, tinagwirizana pakamwa, anandipatsa ya zinayizo ndithu sindinganame, koma patapita nthawi ndinapeza chimodzi chili pa ma postcard mu shopu ina, dzina langa analidula mmunsimo. Nditamufunsa akuti aise ndinagula, ndi changa. Ndinalibe olo kapepala.

Nde sisi mukamalemba musawanyengerere ma dealer amenewo, ndi adobadoba basi, kungoti awo ankavala suti. Wovutika ndi amene wakhala miyezi akununkha thinner, wodya bwino ndi amene ali ndi shopu.

MaiWaMabuku

Chemwali, za ku Archives kaye. Pitani ndithu, munthu wa ku koleji osalowako pomwe zili pakhomo pompano ndi zamanyazi, koma dziwani kuti kumeneko kumasungidwa za dziko lino, mafayilo a boma la Nyasaland, za mamishoni, manyuzipepala akale, osati makalata a ma dealer a ku Bond Street. Komanso zambiri za boma za zaka zoyambirira zinapsa pomwe ma ofesi a Secretariat anagwira moto kuno ku Zomba mu 1919, Archives yomwe inayamba mu 1947.

Zomwe mukufunazo muzipeza pa intaneti, zina zaulere. University of Glasgow inaika makalata a James McNeill Whistler, pafupifupi 10,000, atatayipidwa kale ndipo mutha kusaka ndi dzina la munthu kapena chaka. Whistler anabadwira ku America koma moyo wake wa ntchito unali kwambiri ku London, nde afunseni alekichala ngati angamulole, ine ndikuona kuti sangakane poti ankalimbana ndi ma dealer omwewo ndipo kulemba kwake nkoseketsa, munthu wamwano koma wanzeru, ngongole thoo. Ndi yemwe uja anatengera ku khoti John Ruskin, wolemba ndemanga za zithunzi wotchuka, mu 1878 chifukwa chonyoza chithunzi chake cha ma guinea 200, anawina mlandu koma khoti linamupatsa farthing imodzi, kandalama kochepetsetsa, chaka chotsatira anagwa ndi ngongole mpaka kulandidwa katundu.

Kwina ndi ku National Gallery ya ku London, ali ndi mabuku a malonda a Thomas Agnew & Sons, kampani ya ma dealer yomwe inayambira ku Manchester mu 1817 nkudzatsegula ku London mu 1860. Amenewo si makalata, ndi mabuku olembamo katundu, koma ndi ofunika kuwaika pambali pa kalata, chifukwa kalata imanena zomwe wojambula analandira, buku limaonetsa tsiku lomwe chithunzi chinalowa, anagula ndani, chinatuluka liti. Ku Getty Research Institute ku Los Angeles nakonso kuli zambiri za ma dealer. Ndipo mabuku akale omwe ojambulawa analemba okha za moyo wawo, la Frith la 1887 ndi la Hunt la 1905, ali pa Internet Archive, mumapezeka makalata ambiri atakopedwamo. Koma pamenepo chenjerani, munthu akamalemba atakalamba amasankha makalata omukomera, ndipo achibale akamasindikiza makalata a malemu amachotsa zochititsa manyazi, makamaka za ngongole ndi za akazi.

Mukapeza chithunzi cha kalata yeniyeni osati yotayipa, konzekani kutopa maso. Isanafike 1840 mtengo wa positi unkatengera mapepala ndi mtunda, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira, ndiye anthu ena akadzaza pepala ankalitembenuza chopingasa nkulembanso pamwamba pa zomwe alemba kale, mizere kudutsana. Sitampu ya penny imodzi itabwera mu 1840 anthu anayamba kulemba tizikalata tifupitifupi, ku London positi inkayenda kangapo patsiku, nde mupeza kakalata ka mizere itatu, bwerani mawa mudzaone chithunzi, kopanda ndi chaka chomwe, kungolemba Lachiwiri. Pepala likakhala ndi mzere wakuda m'mbali ndiye kuti wolembayo ali pa maliro. Mukaona gs pambali pa nambala ndi ma guinea aja anena a Mbewe.

Koma ine ndikanakhala inu ndikanaikamo ndime imodzi ya kuno. Thomas Baines anali wojambula pa ulendo wa Livingstone wa ku Zambezi wa 1858, Livingstone anamuchotsa ntchito mu 1859 pomuganizira kuti akusakaza katundu wa ulendowo, Baines anakana mpaka imfa yake ku Durban mu 1875. Chaka chomwecho cha 1859 ndi chomwe Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa. Zithunzi za Baines za mathithi a Victoria zinasindikizidwa ku London mu 1865. Ndiye pali Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba uja amene ankakhala kuno ku Zomba kuyambira 1891, iyeyo anaphunzira zojambula ku Royal Academy ndipo buku lake la 1897 lonena za dziko lino muli zojambula zake. Alekichala amakonda wophunzira woyang'ana pakhomo.

Che_Mbewe_Matawale

A PentiNdiBurashi pepani ndi zomwe zinakuchitikiranizo, koma pa mawu oti adobadoba ndikutsutsani pang'ono achimwene. Dobadoba salowetsa yake, amangodya pakati. Gambart anaika 5,500 yake patebulo asanadziwe ngati anthu adzabwera kudzalipira sheleni, analipira wozokota zaka zingapo, lendi ya chipinda, kunyamula chithunzi pa sitima. Anthu akanapanda kubwera inali yake. Louis Victor Flatow naye anachita chimodzimodzi ndi Frith pa The Railway Station ya 1862, analonjeza mapaundi 4,500 chithunzi chisanathe nkomwe.

Ndipo mukawerenga makalatawo muona kuti ojambulawo sanali nkhosa. Hunt asanatchule mtengo anakafunsa nzeru kwa Charles Dickens, wolemba mabuku wotchuka uja, munthu wodziwa kukambirana ndi osindikiza mabuku. Dante Gabriel Rossetti ndiye anali katswiri wolandiliratu ndalama chithunzi asanachiyambe, makalata ake ambiri ndi opempha kuti amuonjezere kapena opepesa kuti chachedwa, ndalama ankazitchula kuti tin. Pali chithunzi chake chotchedwa Found chomwe anachiyamba cha m'ma 1854, anthu osiyanasiyana anachiitanitsa, anamwalira mu 1882 chisanathe. Nde wolira m'makalata si wojambula yekha, wogula nayenso amalira.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa nkhani ya kapepala. John Everett Millais anajambula mdzukulu wake akusewera ndi thovu la sopo mu 1886, chithunzi chija chimatchedwa Bubbles, anachigulitsa pamodzi ndi copyright yake, ufulu wosindikiza uja, amene anagula anachigulitsanso kwa a sopo wa Pears, kenako chili ponseponse ngati malonda ataikapo sopo wawo. Anthu anamunyoza Millais kuti wagulitsa luso kwa a sopo, pomwe ufuluwo unali utachoka kale m'manja mwake. Lamulo loteteza zithunzi zopenta ku Britain linabwera mu 1862, ndiye Nachisale mukamawerenga muziona chaka, kalata ya 1855 ndi ya 1870 sizikambirana chimodzimodzi za nkhaniyi.

Kanthu kena, pafupifupi tonse tinakulira m'nyumba kapena m'tchalitchi momwe muli chithunzi cha Yesu akugogoda pachitseko. Zilipo za ojambula osiyanasiyana, koma chotchuka cha nthawi imeneyo ndi The Light of the World cha Hunt yemweyu, atanyamula nyali, chitseko chake chopanda chogwirira kunja, kuchokera pa Chivumbulutso 3:20. Chenichenicho chili ku Keble College ku Oxford, koma chinafika m'nyumba za anthu wamba chifukwa Gambart anachisindikiza mu 1860. Popanda dealer chikanaonedwa ndi anthu ochepa.

PentiNdiBurashi

Chabwino madala mwawina theka kkkk. Koma wanga uja sanaike chilichonse patebulo, anangodula dzina. Panopa aliyense wotenga chithunzi ndimamulembera pa WhatsApp kuti wagula chithunzi chokha osati kusindikiza, ayankhe kuti eya, ndimasunga screenshot. Anzanga akuti ndikalembetsenso ku COSOMA, bungwe loona za copyright lija. Nde sisi mwina zaka 100 zikubwerazi mwana wina adzapatsidwa asayimenti ya ma voice note anga ndikukumbutsa munthu balansi yanga, adzamva zinthu.

Nachisale_waChikanda

Zikomo kwambiri nonse, mutu wayera tsopano. Ndaganiza zotenga Hunt ndi Gambart ngati nkhani yaikulu, Frith ndi Millais pothandizira, kenako ka ndime ka Baines. Ndalowa kale pa za Whistler zija, eeh munthu uyu amatukwana mwaulemu. A PentiNdiBurashi mungalole ndikuchezeni Loweruka ndiikeko mawu anu? Dzina sinditchula. Mai WaMabuku, ku Archives amafuna kalata yochokera ku dipatimenti kapena ID yokha ikwana?

MaiWaMabuku

Tengani zonse ziwiri, kalata ndi ID, musamavutike kubwerera. Pitani m'mawa pakati pa sabata, mutenge pensulo ndi kope, ndipo mulembe kale pa pepala zomwe mukufuna, Johnston ndi zaka zake, osangofika nkunena kuti ndikufuna za azungu ojambula. Mabuku a Frith ndi Hunt aja ndi akuluakulu, dawunilodani pa wifi ya pasukulu, bandulo yanu singapirire.