Disiki yanga sikupitirira mamita 70, ndithandizeni

Wofunsa, ku Tampere: Moni nonse abale anga. Kaya pagulu pano alipo amene amasewera disc golf? Kuno ku Finland amati frisbeegolf, ndipo mabwalo ake ali mbwee, ambiri osalipiritsa. Kwa amene simukuidziwa: m'malo mwa mpira ndi ndodo mumaponya disiki ya pulasitiki, mpaka ikalowe mu basiketi ya matcheni, wopambana ndi amene waponya kochepa.

Vuto langa ndi mtunda. Ndimaponya backhand (kuseri kwa dzanja kukutsogola) ndi dzanja lamanja, koma ndikayeza pa app ya pafoni ya UDisc sindikudutsa mamita 70. Disiki imakwera m'mwamba, n'kuima, kenako n'kugwera kumanzere. Tiana tasukulu tikuponya mamita 100 tikuseka, pomwe ine ndimanyamula zitsulo ku jimu. Ndinagula disiki ya Destroyer ya kampani ya Innova ya magalamu 175 poti ndi imene akatswiri amaponya. Phewanso likumawawa ndikaweruka. Nditani?

Wa ku Charlotte, ku America: Achimwene, Destroyer imeneyo ibwezeni kaye m'chikwama. Onani manambala anayi alembedwa pamwamba pake: 12, 5, -1, 3. Yoyambayo ikukuuzani kuti disikiyi imafuna dzanja lothamanga kwambiri kuti iuluke mmene anaipangira. Liwiro likachepa, imangothamangira kuchita zimene nambala yomalizayo ikunena, kugwera kumanzere. Pezani Buzzz ya Discraft, manambala ake ndi 5, 4, -1, 1, kapena Leopard, 6, 5, -2, 1, yopepukirapo ngati magalamu 165. Musadabwe Leopard ikakupitirani patali kuposa Destroyer.

Wa ku Area 25: Ndiye mwakwera ndege mpaka ku Ulaya kukaponya mbale? Kwathu kuno ukaponya mbale amayi amakuthira chikoti.

Wofunsa: Aise, mudzabwere mudzaione, simudzafunanso bawo.

Mayi wa ku Tallinn: Achimwene, za disiki anena anzathuwa n'zoona, koma mawu anu akuti "imakwera n'kuima" ndi amene andigwira mtima. Pamenepo ndiye kuti disiki ikuchoka m'manja mphuno itadzuka, kutsogolo kwake kuli m'mwamba kuposa kumbuyo. Mphepo imaiwomba kumimba, liwiro lonse n'kuthera pompo. Ngakhale mutagula iti, mphuno ikadzuka mtunda palibe. Igwireni zala zinayi zili pansi pa mkombero, chachikulu pamwamba chikukanikiza, ndipo dzanja muliweramitse pang'ono kuti disiki ikhale mzere umodzi ndi mkono. Chinanso, musayambe kukoka disiki ili m'chiuno n'kukaisiyira pamwamba pa phewa. Iyende pa msinkhu umodzi, cha pachifuwa.

Za ku jimuzo musazidalire kwambiri. Kristin Tattar wa kuno ku Estonia anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 2022 ndi 2023. Kaonereni mavidiyo ake pa YouTube muwachedwetse, muona kuti sachita kudzikakamiza, thupi lonse limangotsatizana bwinobwino.

Wa ku Charlotte: Mayiwa alasa. Ndiwonjezere za miyendo, poti phewa lowawalo likuulula kuti mukuponya ndi mkono wokha. Kumbukirani mnyamata woyendetsa ngolo poliza chikwapu: sauma mkono, mphamvu imayambira kuchigwiriro, nsonga imabwera pomaliza. Apa chigwiriro ndi miyendo ndi chiuno, mkono ndi chingwe chabe.

Pitani pa bwalo la mpira lopanda anthu, musathamange ayi, ingoimani chammbali. Tembenuzani mapewa mpaka msana uloze komwe mukuponya, mkono utambasuke kumbuyo koma motalikirana ndi thupi. Anthu ambiri amaubisa kuseri kwa thupi, ndiye disiki imachita kuzungulira chifuwa m'malo moyenda mowongoka, mphamvu n'kutayika. Kenako pondani ndi mwendo wakutsogolo, wamanjawo, thupi litsamire pamenepo, ndiye chiuno chitembenuke. Mkono usayambe kukoka phazi lisanaponde, apa ndi pamene ambiri timagwa. Chigongono chitsogole, disiki idutse pafupi ndi bere lamanja mkono uli chipindire, kenako utambasuke wokha. Disiki simuitaya dala, imachita kutsomphoka m'zala. Ikachoka musadziimitse, zungulirani pa chidendene mkono upite mpaka kumbuyo. Kudziimitsa mwadzidzidzi kumapweteka phewa ndi bondo lomwe.

X-step, masitepe opingasa miyendo amene munthu amatenga asanaponye, mudzaibwezeretse pambuyo, ndipo poyenda, osati pothamanga.

Wa ku Joni: Ine ndikutsutsako pang'ono. Zoima malo amodzizi zimatopetsa, munthu amagwa ulesi n'kusiya masewero. Bola azisewera mabwalo ndi anzake, thupi limaphunzira lokha. Komanso mtunda n'chiyani? David Wiggins Jr. anaponya mamita 338 mu 2016, koma munali m'chipululu ku Nevada chimphepo chikumukankhira. M'nkhalango za ku Finland zothinana mitengozo, wa mamita 80 owongoka amadya wa mamita 120 ogunda paini.

Mayi wa ku Tallinn: Thupi limaphunziradi lokha bambo, koma limaphunziranso zolakwika, ndipo kuzichotsa ndi ntchito. Pabwalo la masewero munthu amaponya kamodzi n'kuyenda, maso ali pa zigoli. Pa bwalo la mpira amaponya madisiki onse motsatizana n'kuona chasintha. Achite zonse ziwiri. Koma za mitengo mwanena zoona, paini sasuntha.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Funso lina: ndingadziwe bwanji kuti ndikukoka phazi lisanaponde? Ine ndikamaponya ndimamva ngati zonse zili bwino.

Wa ku Charlotte: Zomva m'thupi zimanamiza achimwene. Imikani foni pa chikwama chammbali mwanu, mujambule vidiyo yochedwetsa. Muyiimitse pamene phazi lakutsogolo langokhudza pansi. Nthawi imeneyo mkono uyenera kukhala udakali kumbuyo kwenikweni. Mukapeza disiki yafika kale pachifuwa, mwafulumira. Jambulaninso ina foni ili kumbuyo kwanu, imeneyo ndi yoonetsa ngati mukuzunguliza mkono. Ndipo yesani ndi putter, disiki yoponyera mu basiketi muli pafupi, monga Aviar. Imaulula chilichonse: mukalakwitsa imanjenjemera kapena kupatukira kumanja.

Mayi wa ku Tallinn: Poti chisanu chayandikira, muzitenthetsa thupi musanaponye, ndipo dzanja loponyeralo lizikhala m'thumba. Zala zozizira sizigwira mkombero, pulasitiki nayo imauma. Kathaulo kopukutira kasasowe. Phewalo likapitiriza kuwawa ngakhale mutapuma, kaonaneni ndi a fiziyo musanabwererenso.

Wofunsa: Ndamva mayi. Leopard ndikaifuna kusitolo ya zogwiritsidwa kale ntchito, vidiyo ndiiponya pompano Loweruka. A ku Area 25 musaseke mapondedwe anga.

Wa ku Area 25: Kuseka ndiseka ndithu, ponyani vidiyoyo.