Kodi ndilipire Kagi kuti AI indisiye ndisake ndekha?

Aphunzitsi a ku Kapata: Anzanga, ndigawireniko nzeru. Masiku ano ndikasaka pa intaneti nkhani yoti ndikaphunzitse, pamwamba pamayamba kubwera yankho lolembedwa ndi AI, masamba enieni ali pansi kutali. Ana asukulu akungokopera lomwelo, osatsegula tsamba n'limodzi lomwe, ndipo ukawafunsa amene walemba amangokuyang'ana. Zimenezi zikundiwawa. Ine ndimafuna ndione mwini nkhaniyo, ndiwerenge, ndiweruze ndekha. Mphwanga wa ku Lusaka akuti kuli Kagi, yosakira yolipira, yopanda zotsatsa malonda, ndipo AI yake imakhala chete mpaka uyiitane. Akuti $10 pamwezi. Ndiponyepo?

Wa ku Mchini: Musandikumbutse. Ndinapatsa mnyamata wina wokonza mafoni K80 kuti andichotsere AI yonse. Analowa nayo kuseri, nabwera akumwetulira kuti zatheka. Kufika kunyumba ndapeza anangobisa kachizindikiro kokha, zonse zili momwemo, komanso zithunzi za ukwati wa mlongo wanga zapita. Ndikapitako akuti abwana kulibe.

Aphunzitsi a ku Kapata: Pepani amai. Nanga za Kagi mukutipo chiyani?

Wa ku Mchini: K80 yanga ndiyo ndikufuna.

Wamagalimoto: Ine AI ndimachita kuilipira, m'malo moithawa. Samsung yanga ndinagula ku Johannesburg, makalata a kasitomu imandilembera ndili pa Mwami kudikira katundu. Inu mukufuna kubwerera m'nthawi ya taipi, aphunzitsi?

Mlimi wa ku Katete: $10 ndiye zingati? K270 eti? Imeneyo ndi mbewu ya soya, achimwene.

Wamagalimoto: Siifika. Dola inatsika.

Wa pa Saturday Market: Nonse mwaphonya, ilipo ya $5, kungoti imakupatsa kusaka ka 300 pamwezi basi. Koma mulipira ndi chiyani? Imafuna khadi ngati la Visa. Musataye ndalama. Pa Google mukasaka, dinani pomwe palembedwa Web, pamatsala maulalo okhaokha. DuckDuckGo ndi yosakira yaulere ndipo AI yake mutha kuizimitsa mu settings. Vivaldi nayo, yotsegulira masamba a intaneti, eni ake ananena poyera kuti saikamo AI yocheza nayo.

Mlimi wa ku Katete: Opera Mini basi. Bandulo imakhalitsa.

Wa pa Saturday Market: Amalume, ya Opera ilinso ndi AI yake.

Mlimi wa ku Katete: Mu yanga sindinaionemo imeneyo.

Amai a ku Lundazi: Nanga kabwalo kaja ka Meta AI ka pa WhatsApp kamachoka bwanji? Apongozi anga amakalembera moni m'mawa uliwonse, akuti ndi mwana waulemu.

Wa pa Saturday Market: Kameneko sikachoka, amai. Ingokasiyani.

Aphunzitsi a ku Kapata: Za Web zija ndayesa, zathekadi, zikomo. Koma ndiyenera kudina ulendo uliwonse, ndipo ana 60 m'kalasi sangadine, yankho lili kale pamaso pawo. Ndikalipira Kagi ndipulumuka ndekha, iwo ayi. Mwina ndiyambe kukana ntchito yomwe mwana sanalembepo tsamba limene watengako.

Wamagalimoto: Adzauza AI iwalembere tsambalo.

Wa ku Mchini: Alipo akupita ku tauni mawa? Tipitire limodzi kwa mnyamata uja, ndekha sandimvera.