Bakiteriya wosadziwika m'nkhuku zoikira, thandizeni

Wa labu, Chipata: Akuluakulu, mlimi wina wabweretsa nkhuku zoikira zakufa, akuti mazira achepa kwambiri. Titang'amba tapeza njira ya mazira yotupa, m'mimba muli zachikasu zoundana ngati dzira lophika. Pa blood agar, mbale yomeretsera mabakiteriya yokhala ndi magazi, pamera timadontho totuwa, ndipo kuzungulira kalikonse magazi asungunuka, pakuonekera mbee. Titamupaka utoto wa Gram n'kumuona pa maikulosikopu, ndi Gram negative, wooneka ngati timitengo tatifupi. API, chida choyezera mtundu wa bakiteriya, sikupereka dzina lomveka. Kodi si mtundu watsopano umenewu?

Wa ziweto, Katete: Achimwene, si kolera wa nkhuku?

Wa labu, Chipata: Ayi bambo. Pasteurella multocida, amene amayambitsa kolera wa nkhuku, sasungunula magazi, komanso pa kuyeza kotchedwa indole amatuluka positive. Uyu watuluka negative.

Dokotala wa ziweto, Petauke: Mwanawe, usafulumire kumutcha watsopano. Zonse wanenazi zikuloza kwa Gallibacterium anatis. Mabuku akale amamuika m'gulu la Pasteurella, dzina latsopanoli analandira mu 2003, n'chifukwa chake zida zambiri zoyezera sizimudziwa. Amakhala ngakhale m'nkhuku zathanzi, pakhosi ndi kumaliseche, koma zikafooka ndi kutentha kapena kuthithikana amakwera n'kuwononga njira ya mazira. Ndipo kawirikawiri sayenda yekha. Wathira pa MacConkey, mbale yomeretsera mabakiteriya a m'matumbo, kuti uone ngati E. coli aliponso?

Wa labu, Chipata: Ndathira lero, amayi. Nanga akapezeka kuti si Gallibacterium?

Dokotala wa ziweto, Petauke: Ndiye kuti ntchito yakulira labu yathu. Mtundu watsopano sudziwika ndi maso. Amayamba awerenga jini ya 16S rRNA, kachigawo ka DNA kosiyanitsira mitundu ya mabakiteriya. Ikafanana ndi mitundu yodziwika mochepera 98.7 peresenti, m'pamene amaganiza kuti mwina ndi watsopano. Kenako amayerekeza DNA yonse, malire a kufanana kwake ndi 95 mpaka 96 peresenti. Dzina limavomerezeka pokhapokha bakiteriyayo atasungidwa m'nkhokwe zosungira mabakiteriya za maiko awiri osiyana. Iwe umuyeretse asasakanikirane ndi ena, umusunge mu glycerol, madzi omuteteza akauma ndi kuzizira, mufiriji yozizira kwambiri, wina utumize ku CVRI, labu yaikulu ya boma ya matenda a ziweto ku Balmoral kufupi ndi Lusaka, kapena kusukulu ya madokotala a ziweto ku UNZA. Usadalire firiji imodzi, magetsi athuwa ukuwadziwa.

Wa ziweto, Katete: Zonsezo n'zabwino, koma mlimi sangadikire za ku Lusaka nkhuku zikufa. Mawa agula mankhwala a oxytetracycline pamsika.

Dokotala wa ziweto, Petauke: Mumuletse ndithu, Gallibacterium ambiri samvanso mankhwala a gulu limenelo la tetracycline. Yezani kaye mankhwala amene akupha bakiteriyayu, ndipo mumuuze mlimiyo masiku osagulitsa mazira akayamba kumwetsa.

Wa labu, Chipata: Zikomo amayi, ma disiki oyezera mankhwala ndiika madzulo ano, zotsatira ndilemba pano mawa.