Kodi kuvotera "wakwathu" ndi tsankho?

Wa ku Ngabu:
Abale, ndithandizeni maganizo. Dzulo madzulo tinasemphana ndi bambo anga tili pamphasa pansi pa mtengo wa nimu. Iwo amati wa m'chigwa cha Shire azivotera wa m'chigwa, basi. Mu 1999 analawirira wapansi kukavotera Mbuya Gwanda Chakuamba, ndipo mpaka lero dzinalo salitchula mwachisawawa. Nditawafunsa ngati ankadziwa mfundo za Mbuya, anati mwana wa Nsanje sangaiwale Nsanje. Ine ndinati limenelo ndi tsankho. Nsima anaisiya, nkukalowa m'nyumba. Mtima ukundiwawa. Kodi ndinalakwa?

Mphunzitsi Wopuma, Bangula:
Mwana wanga, mawuwo unathamanga nawo. Bambo ako sadana ndi Mchewa kapena Mtumbuka. Akuopa kuiwalika. Ife akuluakulu tinaona Gwanda akumangidwa mu 1980, nkutuluka mu 1993, ndiye kumuona pa pepala lovotera kunali ngati Msena ndi Mmang'anja awerengedwa nawo. Ndipo si ife tokha. Mu 1994 Kummwera kunapita ndi a Muluzi, Pakati ndi a Kamuzu, Kumpoto ndi a Chihana.

Koma ukawakumbutse ndi ulemu za malemu a Sidik Mia. Anali ndi magazi a chimwenye, komabe a ku Nkombezi anawatumiza ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 2019 anaima ngati wachiwiri kwa a Chakwera. Pamaliro ndi panjala anthu ankawaona. Kuno "wakwathu" ndi amene wadya nafe fumbi, khungu limabwera pambuyo.

Mayi wa ku Makhanga:
Aphunzitsi, mwanena zoona, koma ine ndatopa nawo mawu akuti wakwathu. Madzi a 2015 anatenga nyumba yanga. Namondwe wa Freddy mu 2023 anatenga mbuzi zisanu ndi munda wonse wa mapira. Usiku umene tinagona pachulu ndi ana, palibe anafunsa mnzake mtundu. Wina amene amabwera pa kampeni kudzatilankhula Chisena chokoma sitinamuone ngakhale tsiku limodzi. Voti yanga tsopano ndimafunsa za mlatho, za chipatala ndi mtengo wa thonje.

Wa Kabaza pa Nchalo:
Ngakhale ku America ziliko. Obama atapambana mu 2008, ku Kenya kwa bambo ake anavina usiku wonse. Koma anthu akuda okha sakanamukwanira, azungu ambiri anamuvoteranso. Kunonso chigamulo cha khoti cha 2020 chinati wopambana pa mpando wa pulezidenti apitirire theka la mavoti onse. Maboma athu ndi awiri okha, Chikwawa ndi Nsanje. Wathuyo popanda a zigawo zina angafike kuti?

Wa ku Ngabu:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, mawu aja oti kuiwalika andikhudza. Mawa mamawa ndikawapeza kukhola asanatulutse ng'ombe, ndikapepese kaye. Za a Mia ndi za amayi a ku Makhanga ndiwauza tikakhala pansi.