Ndithandizeni kusankha foni yojambula bwino m'nyumba

Moni nonse abale ndi alongo. Ine ndimasoka zovala, ndipo makasitomala ambiri amafuna aone kaye chithunzi asanagule. Foni yomwe ndili nayo kamera yake ndi ya 50 MP (MP ndi muyeso wa kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho topanga chithunzi), koma ndikajambulira m'nyumba nsalu yofiira imatuluka ngati yaolenji. Kukayamba kuda ndiye basi, msoko ndi timizere ta nsalu sizioneka, chithunzi chimangoti mbuu.

Ndapukuta galasi la kamera, ndayesa night mode (yojambulira usiku), ndazimitsa HDR (yolinganiza mbali zowala ndi zamdima pa chithunzi), ndakokera tebulo pafupi ndi zenera. Masana zikusinthako pang'ono, madzulo ayi ndithu. Mavidiyo oyerekeza makamera ndaonera, koma ambiri amajambula nkhope ndi mapiri panja padzuwa, pomwe foni iliyonse imachita bwino.

Maso anga ali pa mafoni atatu: Pixel 7a ya 64 MP, Galaxy A54 ya 50 MP, ndi iPhone 13 ya 12 MP yokha. Onsewa ali ndi OIS yochepetsa kugwedezeka. Nambala za MP sindikuzikhulupiriranso, chifukwa mafoni ambiri amaphatikiza mapikiselo anayi kukhala limodzi, ndiye 50 MP imatulutsa chithunzi cha pafupifupi 12 MP.

Amene mwagwiritsapo ntchito mafoni amenewa, ndi iti imatulutsa mtundu weniweni wa nsalu pa kuwala kwa babu? Kodi ndiyang'ane kukula kwa sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kamera) kapena momwe foni imakonzera chithunzi? Ngati mungathe, jambulani nsalu yofiira madzulo opanda fulashi, munditumizire ngati document kuti chithunzicho chisapanikizike.